Kampando ka Bamai Pakhomo

Ba Pasta, bazimai, bazibambo, abale banga nonse, nikupatsani moni mu dzina la Yesu. Nifuna kuchitira umboni, ndipo nikalira munipirire.

Bambiri munidziwa, ndine uja wa ku Matero amene asebenza mu ndeke, kusamalira bapaulendo. Pamene ninayamba nchito, komboni yonse inakondwera. Koma kulema, abale, kulema! Ku nchito bamatikonzera maulendo: lero uli kumwamba, mawa upumule, mkuja uulukenso. Tsiku la pakati lija ni la kugona, kuti mutu ubwerere m'malo.

Manje ku Matero munthu angagone masana? Nikangofika, uyu wabwera kunipatsa moni, uyu afuna kumva za kunja, uyu akuti tiye ku maliro. Mlendo sungamusiye pa mpando iwe uli mu bulangeti, tinaleredwa tero. Ninali kuuka, kuphika tiyi, kuseka nao, maso ali kuwawa.

Tsiku lina ndeke ili kutsika, ninasinza pa mpando wanga pafupi na chitseko, pamene nifunika kukhala maso chifukwa cha miyoyo ya banthu. Mkulu wathu ananiona. Ananiuza kuti vikachitikanso, nchito yatha.

Ninafika kunyumba nili kulira. Ninabauza vonse bamai banga. Banatenga kampando kao na tomato yao yogulitsa, n'kukhala pakhomo penipeni. Aliyense wobwera banali kumuuza, "Mwana agona. Moni wanu nisiyileni ine." Ngakhale bamalume banabwezedwa, ganizani, bamalume! Bana bosewera mpira banali kupirikitsidwa kutali. Ine mukati ninali kumva chabe mau a bamai pansipansi, bali kuimba nyimbo ya kutchalitchi, tulo n'kubwera. Nagonapo mu mahotela abwino, koma tulo tokoma monga tuja sininatipezenso. Nimabayewa bamai banga, nimabasowa.

Banatisiya chaka chatha. Pa maliro ndiye ninamva kuti banthu banali kubanena, ati mwana wa mu ndeke wabalowa m'mutu, bayamba kudzimva. Banzao bena banaleka na kugula tomato yao. Vonse ivi beve sibananiuzepo, olo kamodzi. Nikauka banali kunifunsa chabe ngati nagona bwino.

Lero nchito nikali nayo, ndipo sininasinzenso kumwamba. Ninapempha Mulungu mphamvu, Iye ananipatsa mlonda wovala chitenge. Bena mwa imwe muli pano munabwezedwa pakhomo paja, nikuonani, musaweramitse mitu. Sikunali kunyada, abale. Banali kusunga tulo ta mwana wao.

Zikomo Ambuye, zikomo chifukwa cha mai uja. Imirirani mukondwere na ine. Tiimbe ija bamai banali kuimba pansipansi, koma lero tiimbe mokweza, palibe amene agona.