Nyumba Yodikira Kuti Ndichoke

Ndinasiya koleji kuti ndidzadwazike amayi, ndipo atamwalira ndinatsala pakhomo n'kuyamba kudwazika nyumba: pulagi yomvera foni apa, babu lomvera foni apo, mpaka makatani anayamba kudzitsegula okha m'mawa. Loweruka lina, akoleji atanena kuti ndikapanda kufika Lolemba malo anga apatsa wina, ndinapeza bambo, omwe ndi telala, ataima m'chipinda chosokera, simbi ili m'manja, akuiyang'ana ngati yawatukwana.

"Injiniya," anatero, pakuti ndi mmene amandiitanira chisiyireni sukulu. "Simbi yafa."

"Sinafe, bambo. Yazima."

"Wazimitsa ndani?"

"Ndinaitchera pa foni. Ikayaka nthawi yaitali imazima yokha."

"Thalauza iyi ndasita mwendo umodzi."

"Dinani apa, iyakanso."

"Ndiye kuti ndisite mwendo wachiwiri, ndiyambe ndakapempha kwa foni?"

"Mwezi watha munawotcha suti ya mkwati."

"Thumba lokha."

"Thumba ndi tebulo."

"Mkwati sanavale tebulo."

Sipika ya pa shelefu inaliza kabelu kake. "Nthawi ya mankhwala yakwana," inatero, ndi mawu a mtsikana amene sanakwiyepo chibadwire.

Bambo anayang'ana sipika. Anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Yalakwitsa."

"Yalondola ndendende."

"N'zimene ndikunenazo. Mayi ako ankandikumbutsa mankhwala nditayamba kale kumva chizungulire. Uyu akufulumira. Sindinadwale n'komwe."

"Cholinga chake n'chimenecho, bambo."

"Komanso sanena choncho. Mayi ako ankati, 'Mukufuna mufere pa makinapo kuti ndivutike n'kukunyamulani?'"

Ndinatsegula apu pa foni. "Mawu amenewo ndikhoza kuwalemba, iziwanena."

"Lemba."

Ndinalemba. Zinanditengera nthawi, chifukwa zilembo zinkaoneka ngati zili pansi pa madzi. Nditadina, sipika inalizanso kabelu.

"Mukufuna mufere pa makinapo kuti ndivutike n'kukunyamulani?" inafunsa mwaulemu.

Bambo anamvetsera mutu uli chopendekera.

"Ayi. Akunena ngati akufunadi kudziwa."

"Mawu ake ndi omwewo. Sindingawasinthe."

"Nanga ndimuyankha pati?"

"Siimva. Imangolankhula."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Aa. Apo pokha ndiye wawapeza mayi ako."

Anatsegula kabotolo, n'kumeza piritsi popanda madzi. Kenako analoza pakona ndi simbi yozizira ija. Panali chikwama changa chakukoleji, chotupa ngati chadya.

"Ndakulongedzera. Zipi ndasoka."

"Ndaona."

"Lolemba."

"Nyumba sinathe, bambo."

Anayang'ana kumwamba. "Denga lilipo."

"Sindikunena denga. Kubafa sindinaikeko kachipangizo komva madzi akatayika."

"Madzi akatayika ndimamva ndi mapazi."

"Ndi pawindo lakukhitchini."

"Sabata yatha unamata kanthu pa firiji koti kaziuza foni firiji ikatsegulidwa. Ndinatsegula. Foni inakuuza. Iwe unali kumbuyo kwanga, ukudikira mkaka."

"Zinagwira koma."

"Zinagwira. Unadziwa."

"Chachikulu chimene chatsala ndi dongosolo la ndikachoka."

"Ndiye chiyani?"

Ndinawaonetsa pa foni. "Foni yangayi ikatalikirana ndi nyumba, nyumba imadziwa kuti mwatsala nokha. Geti limadzitseka. Kamera ya pakhonde imayaka. Simbi imazima msanga kuposa pano."

"Msanga kuposa mwendo umodzi?"

"Ndipo mukakhala m'mawa wonse osayendayenda m'nyumba, imandiimbira."

"Kukunenera kuti ndagona."

"Kundiuza kuti mwina mwagwa."

Anaika simbi pansi. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Ndionetse."

"Sizingaoneke ine ndili pano."

"Imakuchitira manyazi?"

"Imagwira ndikachoka."

"Choka."

"Sinathe."

"Wadziwa bwanji, poti sunachokepo?"

"Ndimachoka."

"Kupita kuti?"

"Kugolosale."

"Ndiye imagwira ukapita kugolosale?"

"Ayi. Golosale ili mkati mwa malire."

Anandilanda foni mofatsa, n'kuitalikitsa kumaso monga amachitira akamalowetsa ulusi pa singano. Pa mapu panali kadontho ka nyumba yathu, ndi mzere wozungulira.

"Mzere uwu ndiye malire?"

"Ee."

"Golosale mkati. Ometa tsitsi mkati. Ogulitsa mapulagi mkati." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Anajambula ndi a kampani?"

"Ndinajambula ndine."

"Wajambula bwino. Wayeza ngati telala. Paliponse pamene umaponda pakwana."

Makatani, amene ndinawatchera kuti azitchinga dzuwa la masana, anasankha nthawi yomweyo kudzitseka, ndipo tinaima mumdima pang'ono mpaka babu linazindikira kuti tilipo.

"Ndifunse," anatero bambo. "Chofunika kuchoka ndi iweyo, kapena foni?"

"Foni. Nyumba imatsata foni."

"Osati munthu?"

"Munthu siimudziwa."

"Oho."

Anaponya foni m'thumba la malaya. Anatenga jekete pa msomali. Ananyamula chikwama changa, n'kutuluka, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

"Bambo! Mukupita kuti?"

"Kukoleji."

"Kukatani?"

"Mayi ako anati m'nyumba muno mutuluke munthu wa digiri. Sanatchule dzina."

"Bweretsani foniyo."

"Iwe tsala ndi thalauza. Watsala mwendo wakumanzere. Mwini wake abwera madzulo, ndi wolongolola, usamuyankhe."

Ndinawathamangira ndi masilipasi. Anali atatuluka kale pageti, akuyenda ndi liwiro limene sindinalionepo chichitikireni maliro.

"Bambo, sangakulandireni."

"Malo alipo. Anena okha."

"Ndi malo anga."

"Ukuwagwiritsa ntchito?"

"Masamu a magetsi simungawathe."

"Ndikakhala kumbuyo. Ndinaona pa chithunzi chako, akumbuyo amangoseka."

"Anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Sanaonepo bambo akuperekezedwa kusukulu ndi mwana wake."

Tinadutsa ometa tsitsi. Ndinagwira lamba wa chikwama, iwo sanachepetse liwiro, ndiye ndinangokhala ngati ngolo.

"Nanga mukagwa kubafa?"

"Ndidzuka."

"Mukalephera kudzuka?"

"Nyumba ikuimbira. Wanena wekha."

"Ine ndili kutali? Ndikafika mawa lake?"

"Ufika mawa lake."

"Bambo!"

Anaima. Anasinthira chikwama kudzanja lina.

"Mayi ako anapita iwe uli pomwepo, utawagwira dzanja. Ine ndinali mbali inayo. Tonse awiri tinali mkati mwa malire." Anakonza tepi m'khosi. "Sanatipemphe chilolezo."

Anayambanso kuyenda. Ndinawatsatira, chifukwa ndikanaima ndikanalira pamaso pa mwini golosale, amene kale amandipatsa buledi mondimvera chisoni.

Titangopitirira golosale, m'thumba la bambo munanjenjemera. Kumbuyo kwathu, kutali, geti linamveka likukhukhuluzika, kenako khoo!

Bambo anatembenuka. Anatulutsa foni, anaitalikitsa, anawerenga mokweza.

"'Mwachoka. Bambo atsala okha.'" Anadziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka kunsapato. "Yanama. Ndili pano."

"Ndanena kuti imatsata foni."

"Ndiye panopa ikusamalira ndani?"

"Palibe. Ikuganiza kuti muli mkati."

"Ndikapanda kuyendayenda ikuimbira?"

"Ee."

"Ndiye kuti indiimbira ine, kundiuza kuti ndagwa."

"Ee."

"Ndiyankha kuti ndikubwera." Anadina apa ndi apo ndi chala chimene singano inachiumitsa. "Ichi?"

"Kamera ya pakhonde."

Tinayang'ana tonse. Khonde lathu linali m'kagalasimo, laling'ono ngati kabokosi ka machesi: mpando wa amayi, ndowa, ndi nsapato zanga zoyendera zimene ndinazisiya pamenepo kalekale.

"Geti latseka?"

"Latseka."

"Simbi?"

Ndinasuzumira. "Yazimiratu."

"Kamera yayaka. Chalephera n'chiyani?"

Ndinafufuza. Ndinatsegula tsamba lililonse la apu, ngakhale la firiji. Paliponse panali pobiriwira.

"Palibe."

"Sindinamve."

"Palibe chalephera, bambo."

Tinali titafika pasiteji. Basi ya mtunda wautali inali itaima, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho, akuitana wina aliyense wooneka ngati ali ndi kopita. Ataona chikwama anathamangira bambo.

"Madala, tiyeni, mpando wapawindo ulipo!"

Bambo anakweza phazi limodzi pachitseko. Sankaseka. Ndimawadziwa: akanakwera, akanafika, akanakaima pamzere ndi tepi m'khosi n'kutchula dzina langa.

"Chabwino," ndinatero. "Tsikani. Ndipita ndine."

"Liti?"

"Pano. Basi ndi iyi."

"Ndi masilipasi?"

"Nsapato zina munalongedza?"

"Zakuda. Ndinapukuta."

"Ndiye basi."

Anatsitsa phazi. Anandipatsa foni. Ndinaidina, n'kuwaonetsa.

"Geti ndakutsegulirani kuchokera pano. Mukalowa lidzitseka. Mankhwala a madzulo ikukumbutsani. Simbi ikazima, pali kabatani pa pulagi, simufunikanso foni. Mkaka uli m'firiji, ndidziwa mukatsegula."

"Ee."

"Musakangane ndi sipika."

"Amayamba ndi iyeyo."

Ndinagwira chikwama. Sichinabwere. Bambo anali atagwirabe lamba, akuyang'ana zipi imene anasoka ngati akuifunafuna cholakwa.

"Akulu, tikupita kapena tikujambulitsa?" anatero kondakitala.

"Injiniya," anatero bambo, osamuyang'ana. "Foniyo ikachoka, taona. Nanga ikamabwerera, nyumba imatani?"

"Ikangolowa m'malire, geti limatseguka lokha. Nyali ya pakhonde imayaka. Ketulo imayamba kuwira."

"Yokha?"

"Yokha."

"Unayesapo?"

"Ndikanayesa bwanji? Ndinali ndisanachokepo."

Bambo anakweza dzanja, n'kuuza kondakitala ndi zala kuti azipita. Basi inanyamuka, n'kutisiyira utsi. Anandilanda chikwama, anachikoleka paphewa, n'kutembenukira kunyumba.

"Ndiye ntchito yanji imeneyi, yosita mwendo umodzi? Tiye tikayese kubwerera. Mabasi aliponso mawa."