Menyani Kamodzi Kokha, Amalume

Aulutsi, kuno ku Mulanje amati ine ndikaona buluzi ndimati ng'ona, koma nkhani iyi musachotsepo kanthu.

Nditangosiya sukulu ndinapeza kompyuta yakale, yolira ngati chigayo. Munali pulogalamu ya timabokosi: umajambula kaphokoso kakafupi, n'kudina timabokosito, iyo n'kumabwereza mpaka kukhala nyimbo.

Amalume anga, othyola tiyi, ankaimba ng'oma ya tchopa mpaka phiri kugwedeza chiuno. Ndinawaitana kuti ndiwajambule. Anabwera atavala jekete la kutchalitchi, ng'oma ataiwamba bwino pamoto.

"Menyani kamodzi kokha, amalume," ndinatero.

"Kamodzi? Mphwanga, tandilola ndimalize nyimbo yonse."

"Makinawa sangakwanitse. Kwinako ndimaliza ndine ndi chala."

Anamenya. Du. Anasiya kaye manja pachikopa, kenako ananyamula ng'oma yawo n'kumapita. Ine ndinkangoseka.

Chaka chomwecho tinawaika m'manda.

Lero mapulogalamu amajambula tsiku lonse osatopa, koma ine ndili ndi ka du kamodzi komweko. Ndakaika m'timabokosi tonse, nyimbo ya amalume osatuluka. Amayi akakamva amati, "Iwe, taaleka achimwene amalize." Ine ndimangozimitsa.