Bambo anandikumbukira pa njanji

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Jenala, kuno ku Phalombe. Bambo anga ankagwira ntchito yopatutsa sitima pamphambano ya njanji ku Limbe. Atakalamba anaiwala zonse, moti ine mwana wawo ankandiitana kuti "amayi inu".

Chaka chatha, tikuchokera kuchipatala, ndinawadutsitsa pamalo paja. Sitima sizipatukiraponso, panamera udzu, azimayi akugulitsirapo tomato. Nditati ndiponde njanji, bambo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mwanangu, njanji sitiponda, timadumpha. Ndakuuza kangati?"

Misozi inangotuluka anthu akuona. "Pepani bambo, ndinaiwala."

"Ndiwe woiwalaiwala iwe," anatero akuseka.

Anatisiya m'dzinja la chaka chomwecho. Anzanga, okalamba anu muzipita nawo kumene anakhetsera thukuta. Ine mpaka lero njanji ndimadumpha.