Mgaiwa wa a Felista: Mbiri ya Malemu a Gervazio Kamtukule

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Gervazio Petulo Kamtukule. Adabadwa m'chaka cha 1938 m'mudzi muno mwa Chinkhumbe, ku Bembeke, m'boma la Dedza. M'mimba mwa mayi athu tidabadwamo anayi: ine Damiano woyamba, kenaka a Magadalena, malemuwa, ndi chitsiriza a Rozina. Ine amene ndikuwerengane ndinenso nkhoswe ya banja lawo.

Bambo mfumu, mafumu ndi anamalira nonse, mundikhululukire mbiriyi ikamamveka modumphadumpha. Ndailembera pabondo m'basi pochokera ku Limbe kumene ndimagwira ntchito, ndipo zina ndawonjezera nditafika, nditaona zimene ndaona. Ndapeza alamu anga a Felista, akazi a malemu, atakhazikidwa kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi bokosi la amuna awo. Ati ndiwo adawapha ndi njala. Ndamvanso kuti tikangometa, auzidwa kuti amange katundu azipita kwawo ku Lobi, ana awasiye kuno. Mtima wanga suli m'malo ayi, koma ndiwerenga mwa dongosolo lake.

Malemu sukulu adayamba ku mishoni m'chaka cha 1947. Adali mwana woonda ngati bango, wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Mayi akawatuma moto kwa anansi, ankabwera nawo khala lisadazilale, ndipo m'mudzi mukagwa maliro akuluakulu ankatuma iwowa kukanena uthenga kumidzi ya kutsidya. Pa tsiku la masewera kusukulu panalibe wowapitirira, chonsecho ali chosavala kumapazi, m'chisanu chathu chino. Adamaliza Sitandade 6 mu 1955, adaphunzira kutayipa, ndipo mu 1958 adalembedwa ntchito ya ukalaliki pa Boma.

Mu 1963 adakwatira a Felista a ku Lobi, ukwati wa mu tchalitchi. Popeza ntchito idali kufupi ndi kuno, tidakapempha chitengwa. Amene adakagwada pamaso pa atsibweni awo a Felista ndine. Ndidalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti mwana wawo tidzamusunga ngati mbumba yathu, pamtendere ndi pamavuto pomwe.

Ntchito ya ukalaliki ndi ya pampando. Tiyi wa m'mawa, shuga wothira mosayang'ana, masana nyama ya nkhumba ndi kachewere wokazinga wa pamsika, madzulo kukwera lole ya anzawo mpaka pamphambano. Bango lija lidasanduka mtondo. Mimba inkayamba kulowa m'nyumba eniake akadali pakhonde, ndipo zingwe za nsapato ankawamangira ndi ana. Tonsefe tidakondwa, tisanamizane pano. Tinkati mbale wathu wakhala bwana. Alongo athu ankayamikira a Felista pachitsime ponse kuti mkazi wodziwa kusamala mwamuna ndi ameneyu.

Kumpingo malemu adali a kwaya kuyambira unyamata wawo, ndipo pambuyo pake adakhala wapampando wa mphakati wathu uno. Mu 1981, pa ulendo wa Ukaristia, adapatsidwa ulemu wogwira mtengo umodzi wa nsalu yophimba bambo mfumu. Atafika pachitunda cha kumanda kuja adangoti khu, pansi. Ambiri a inu mudalipo. Tidati ndi dzuwa. Dzuwa lanji, abale, ku Bembeke mwezi wa Juni?

Kuchipatala adawauza mosabisa kuti ali ndi matenda a shuga ndiponso kuti mtima walemedwa. Adati akapanda kutsitsa thupi ndi kusintha kadyedwe, ana awo sadzawaona akumaliza sukulu. Nkhani imeneyi malemu adauza munthu mmodzi yekha, akazi awo, ndipo adawalumbiritsa kuti isatuluke m'nyumba. Ankaopa kuti kuntchito angawapumitse ana akadali aang'ono. Ankaopanso pakamwa pa anthu, pakuti mukudziwa zimene zimanenedwa pamowa za mwamuna wodwala shuga. A Felista adavomera, ndipo adasunga.

Apa ndi pamene malemu adayamba kuthamanga. Bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu, kalaliki wa pa Boma, kutuluka m'mamawa ndi kabudula, nkhungu ili tolo! Tsiku loyamba sadafike ndi pamlatho pomwe, adakhala pamwala nkumasanza. Agalu a mudzi wonse adawadziwa. Amayi ena opita kumunda adataya makasu poyesa kuti kumbuyoko kukubwera chilombo, pakuti kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Anyamata oona makadi a chipani adawaimitsapo panjira, khadi ali ataisiya m'jekete, mpaka a Felista adasokerera kathumba m'kati mwa kabudula kuti khadiyo izikhala momwemo.

Chaka chotsatira adalembetsa mpikisano wothamanga pamsewu, pa chikondwerero cha ufulu wathu pa Boma. Mudali anyamata a sekondale, apolisi ndi apayoniya, pakati pawo nkuimapo a Kamtukule ndi chimimba chawo. Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti. Adafika omaliza, akuyenda, atagwira m'chiuno, magule atayamba kale. Koma adafika. Chaka chinacho adapitirira wapolisi mmodzi pachitunda, ndipo nkhani ya wapolisi ameneyo tidaimva mpaka makutu kuwawa.

Kuyambira pamenepo malemu sadakhalenso pansi. Akangomva kuti kwakuti kuli mpikisano, kaya ku Linthipe, kaya ku Lobi kwa apongozi awo, kaya ndi wa ana a sukulu, iwo ulendo. Sadapambanepo, koma kamodzi adapatsidwa ndowa chifukwa chokhala wamkulu pa onse amene adamaliza, ndipo adaisenza pamutu kuchokera pamsewu mpaka kunyumba kuti aliyense aione. Pamsonkhano wa mphakati mwendo unkangogwedezeka, pemphero likatalika ankasuzumira kunja kuona ngati mvula iwalola. Kumsika wogulira mbewu ankapempha kukwera pa sikelo yoyezera matumba a nyemba, ndipo muvi ukapanda kutsika ankabwera kunyumba nkhope ili gwaa. Sindinama kuti adali osavuta kukhala nawo masiku amenewo.

Thupi lidatsika ndithu. Mabuluku awo, a Felista ankangowabweza pamakina, kubweza, kubwezanso. Iwo ankaphika miphika iwiri: wa ana, ndi wa bambo monga adanenera achipatala, kansima kamgaiwa kochepa, masamba opanda mafuta, tiyi wopanda shuga. Tsiku lina alongo athu adalowa m'nyumba nkupeza mlongo wawo, bwana wa pa Boma, akudya mgaiwa ngati wandende. Kudali kulira. Mbiri idawanda kuti mkazi wa ku Lobi watopa naye mwamuna, akumumana chakudya, ndipo wamudyetsa mankhwala oti azingoyendayenda m'misewu ngati wamisala.

Alongo athu adandiitanitsa kuchokera ku Limbe monga nkhoswe, tidakhala pansi. A Felista adangoti zyoli. Malemu adangoti mgaiwa amaukonda okha, basi, nkudzuka kuti akukaona njinga. Ine ndidabwerera osamvetsa. A Magadalena ndi a Rozina adayamba kumabweretsa chakudya mobisa, nkhumba yonona ndi thobwa lotsekemera, ndipo malemu, poti adali munthu, nthawi zina ankadyera kuseri kwa khola. M'mawa mwake ankathamanga mowirikiza ngati akulipa tchimo. Sindikunyoza alongo anga. Adachita chifukwa chokonda mlongo wawo, ndipo panalibe amene adawauza zoona.

Koma taganizani za mayi uyu. Zaka zisanu ndi zitatu akupatsidwa moni wa m'mphuno pachitsime. Pamaliro ndi paukwati akumuchotsa pamoto, ati dzanja lake ndi louma. Mawu amodzi okha akadamuchotsa manyazi onsewa, koma adalonjeza amuna ake, ndipo sadawanene. Ine zimenezi zikundiwawa, abale anga, zikundiwawa kwambiri.

Kudwala kwawo komaliza kudayamba mwezi wa Julaye chaka chino cha 1989. Pa mpikisano wa pa Boma adaponda chigalasi, chidaboola nsapato yawo yotha kale ija nkulowa kuphazi. Adamaliza mpikisanowo magazi ali chuchuchu. Kwa munthu wa shuga bala silipola msanga, ndipo a Felista adawachonderera mogwada kuti apite kuchipatala, aleke kaye kuthamanga. Malemu adamanga kansanza nkumatulukabe m'mamawa, ati akakhala sabata imodzi mimba ibwerera. Mwendo udatupa, thupi lidatentha, ndipo pamene adavomera kugonekedwa kudali kutachedwa. Amene amanena kuti msewu udatengako mbali sakunama. Koma amene adawatuma kumsewu si akazi awo, ndipo amene adagona pasimenti pansi pa bedi lawo, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza mpaka tsiku lomaliza, ndi a Felista omwewo.

Sabata yatha malemu adandiitanitsa kuchipatalako. Adandiuza zonse zimene ndawerengazi, misozi ikutsika. Adati manyazi awo adawasenzetsa mkazi wosalakwa, ndipo adayesa kangapo kuti aulule kwa alongo awo koma pakamwa pankalemera. Adandigwira dzanja nkundilamula kuti ndidzanene pamaliro pawo, pamaso pa mudzi ndi mpingo, kuti zaka zimene adakhala ndi moyo chigwere pa ulendo wa Ukaristia adazipeza m'manja mwa a Felista. M'zaka zimenezo adaona Elena akulandira satifiketi ya unamwino, adaona Anselmo akuyamba uphunzitsi, adanyamula mdzukulu. Adatisiya Lachiwiri m'mawa, atalandira masakramenti onse.

Tsono ndafika pa mayina a otsala. Ndikuona adzukulu akumanda akundiyang'ana, ndipo mitambo kuphiriko yada. Ndikudziwa. Koma dzina loyamba pano ndi la mkazi wa malemu, ndipo ine sindingaliwerenge mwini wake ali kuseri kwa nkhokwe ngati mlendo wodzapempha madzi. Atsibweni awo a Felista, amene ndidawagwadira ku Lobi, ali pompano akundimva. Mayi ameneyu sachoka pamudzi pano, nyumba ndi yake, munda wa kachewere ndi wake ndi ana ake, kufikira tsiku limene iye mwini adzafune zina. A Magadalena, a Rozina, alongo anga, sindikutuma amayi a mpingo ayi. Ndikupempha inuyo. Dzukani mukawagwire dzanja alamu anu, mudzawakhazike kumutu kwa bokosi. Ndiima pomwepa, mvula ikafuna igwe.

Zikomo, a Rozina. Zikomo, a Magadalena. Asunthireni mphasayo.

Malemu a Gervazio Petulo Kamtukule asiya akazi awo, mayi Felista Kamtukule, amene mukuwaona apowa. Asiya ana asanu, aamuna atatu, Anselmo, Linus ndi Yohana, ndi aakazi awiri, Elena ndi Rozina wamng'ono. Asiya mdzukulu mmodzi. Asiya alongo awo awiri, ndi ine mkulu wawo. Asiyanso apongozi ndi alamu ku Lobi, amene tikuwapepesa pamaso pa anthu onsewa.

Uthenga umene adandituma ndaufikitsa, ndipo akazi awo akhala pamalo pawo. Tsopano tingathe kuwanyamula. Ambuye awalandire, apumule mu mtendere.