Khungu Limene Ndinabadwa Nalo

Mwaswera bwanji, abale anga mwa Ambuye. Ine ndine Tisauke wa kuno ku Msoro, ndipo mtanda wanga ndi khungu ili mukulionali.

Linayamba kuyabwa ndili kumsana kwa amayi. Akuluakulu anati ndi mdulo: amayi anayenda ndi mwamuna wina, n'kudzandigwira ndi manja otentha. Amayi anakana mpaka mawu anatha. Anapita kumanda ndi dzina la chigololo.

Ndinakula ndikudzikanda. Nthawi ya chilimwe m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo munkang'ambika ngati dambo louma. Anzanga amene zidzolo zinawapeza atakula ankadandaula mwezi umodzi, n'kuiwala. Ine zinandidyera usungwana, zinandidyera tulo, zinandidyeranso banja, pakuti bambo wa ana anga anatopa ndi magazi pamphasa.

Dziko litangolandira ufulu, mkazi wa mwana wanga Yohane anabereka. Kusambitsa khanda lotuluka m'chikuta inali ntchito yanga. Nditatambasula manja, mpongozi anatembenuka.

"Amayi, anthu akuti ndi khate. Musamugwire."

Yohane anayang'ana pansi. Kenaka anayamba kudula mitengo yondimangira kanyumba kuminda, kumene njovu zimadutsa. Ndinauza Mulungu kuti: ufulu mwapatsa dziko lonse, ine mwandisiyiranji?

Kuchipatala cha mishoni kunabwera nasi, ndiye kuti namwino, wa Chibemba, Chinyanja chake chopindikapindika. Nditapitako, ananditsinzinitsa, n'kumandikhudza pamabala ndi kathonje. Paliponse ndinkamva.

"Ambuya, khate silimva kanthu. Inu mukumva zonse."

Anandionetsa zikhatho zake zosupuka. Anati zake zinayamba atakula, zimabwera n'kupita, koma zoyambira ukhanda ngati zanga nthawi zambiri zimalemera moyo wonse. Anatinso sizipatsirana, ndipo sizibwera ndi tchimo la mayi.

Sindinalirire khungu. Ndinalirira amayi.

Lamulungu nasi uja anafika kumudzi ndi mafuta odzola. Anakhala pamphasa yanga, namwa madzi m'chikho changa chimene aliyense ankachilambalala. Kenaka anatenga khanda kwa mpongozi n'kuliika pamiyendo panga.

Sindinachire, abale, sindikunamizani. Ndikudzikandabe. Onyoza amayi anafa osapepesa, ndipo mtima wanga sunawamasule. Komabe ndikuyamika Mulungu amene anatuma mlendo pamene abale anga anagwira nkhwangwa. Inu onyamula zimene simunasankhe, limbikani. Mitengo ya kanyumba ija ndinaisonkha pamoto, n'kutenthetsa madzi osambitsa mdzukulu wanga.