Chikope cha Mayi Anga Chitayamba Kugwa

Awulutsi ndi omvera nonse, ine ndikulemba kuchokera kwa Msakambewa ku Dowa.

Chaka chatha, nyengo yopalira chimanga, chikope cha diso lakumanzere la mayi anga chinayamba kugwa. M'mawa ankadzuka ali bwinobwino, koma dzuwa likapendeka disolo linkatsala pang'ono kutsekeratu. Kutchalitchi amayi anzawo a kwaya ankawagunyuza akuseka: "Inu, mpaka kusinza pa ulaliki?"

"Sindikugona ine," ankatero mayi, atakweza chikopecho ndi chala. "Likungotsekeka lokha."

Azakhali anga anabwera ndi lezala n'kuwatemera mphini pamwamba pa nsidze. Sizinathandize, ndipo diso linalo linayambanso. Kenako mawu a mayi anayamba kuthera pakati pa nyimbo. Tsiku lina masana anatsamwa ndi thobwa mpaka linatulukira m'mphuno. Anandiyang'ana mwamantha, atapendeketsa mutu chagada kuti andione.

Kuchipatala adokotala anati chikope chimatha kugwa chifukwa cha ukalamba, ndipo chotero amachikonza ndi opaleshoni. Koma cha mayi chinali chizindikiro cha matenda ofooketsa minofu. "Anayambira m'maso, pano afika pakhosi," anatero. "Akatsikira pachifuwa, munthu amalephera kupuma."

Pano mayi akumwa mankhwala ndipo ayambanso kuimba pang'ono, koma akuti matendawa satheratu. Anzanga, chikope cha munthu chikagwa musamuseke, musamutemere, thamangirani naye kuchipatala. Ine mpaka lero, dzuwa likangopendeka, ndimasiya khasu m'munda n'kupita kukamvetsera mmene mayi akupumira.