Penti yofiira pakhoma la nyumba yanga

Achimwene apawailesi, mundiwerengereko nkhani yangayi, mwina mtima ungakhale pansi.

Ndine mayi wamasiye wa ku Nsaru. Amuna anga anayamba kumanga nyumba kufupi ndi msika atagulitsa fodya, koma anamwalira khoma litangofika m'mawindo. Akuchimuna analamula kuti pasayikidwe njerwa ngakhale imodzi mpaka titamanga chiliza. Ndikanatani ine? Ndinamvera.

Chiliza chitamangidwa, tsiku limene ndinabwera ndi mmisiri, tinapeza pakhoma atalembapo ndi penti yofiira kuti tisapitirize. Ku ofesi ya zilolezo anandiuza kuti, "Mayi, chilolezo chanu chomangira nyumba chinatha mphamvu. Chitani apilo, apo ayi tidzagumula."

Ndinachitadi apiloyo, n'kufotokoza za maliro. Bambo amene anandilandira anandiyang'ana mwachisoni.

"Kodi inu ndi alamu anu simukambirana? Iwotu anabwera kale kudzapempha chilolezo chatsopano pamalo omwewa, m'dzina lawo."

Alamu omwewa ndi amene ankandiopseza kuti ndikapitiriza kumanga, mzimu wa malemu udzakwiya.

Amayi anzanga, chilolezo sichidikira kuti misozi iume. Yankho la apilo silinabwerebe mpaka lero. Koma dzulo podutsa pamalopo, ndinapeza mulu wa mchenga umene sindinagule ine.